Musakoleze kaye uvuniwo, amayi

Amayi, mwati komiti ya sukulu yanu yapeza ndalama yomangira makalasi awiri, makolo akufuna kuumba ndi kuotcha njerwa monga mwa kale, koma amisiri akukakamira mabuloko a simenti, ndiye mukufunsa ngati sakungofuna kukudyerani. Ine ndinaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri ndipo ndinakhalapo m'komiti yomanga, choncho mundilole nditalikitseko pang'ono.

Pa njerwa zootchazo amisiri sakunama. Kuyambira mu 2018, malamulo a bungwe la NCIC, lomwe panthawiyo linkayang'anira zomangamanga m'dziko muno, amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zina zikuluzikulu, ndipo sukulu zili momwemo. Chifukwa chake inu mukuchidziwa kale. Uvuni sukhuta ndi tizitsotso, umafuna zipika za mitengo yomwe inabzalidwa ndi agogo athu. Kwathu titaotcha njerwa za mdadada woyamba wa makalasi, nkhuni zinaperewera pakati pa usiku, ndipo mitengo iwiri ya mango yomwe ana a Sitandade 2 ankaphunzirira pansi pake inathera mu uvuni womwewo. Tinapeza makalasi awiri, n'kutaya ena awiri. Mpaka lero zimandiwawa. Maenje omwe tinakumbamo dothi nawo anasanduka zithaphwi za udzudzu kuseri kwa sukulu.

Koma akakuuzani kuti njira ndi mabuloko a simenti okha, apo mufunsitse. Pali njerwa zomwe amazitcha SSB: dothi la pamalo pomwepo, kuthirako simenti pang'ono, n'kulipanikiza m'makina oyendetsa ndi manja, popanda moto. Simenti imakhala gawo limodzi pa magawo 10 mpaka 20 a dothi, kutengera mtundu wa dothilo. Dothi lake si lapamwamba lolimapo chimanga ayi, komanso si makande a kudambo omwe amang'aluka akauma, koma lapansi, lofiira, lokhala ndi kamchenga. Kuliyesa n'kosavuta: thirani dothi m'botolo, dzazani madzi, khutchumulani, musiye ligone. Mawa lake mudzaona mchenga pansi, dongo pamwamba, ndipo mmisiri wodziwa adzakuuzani ngati pakufunika kuwonjezera mchenga. Pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi pa kuumitsa. Njerwa zimenezi sizifuna kuyanikidwa padzuwa ngati mphale. Zimafuna kufunditsidwa ndi kuwazidwa madzi, ndipo zimalimba bwino pakatha masiku 28. Mukathamangira kumanga pa sabata imodzi, zidzanyenyeka, kenaka mudzi wonse udzati njerwa zosaotcha n'zachabe, chonsecho vuto linali phuma. Ubwino wina ndi woti makolo omwe amafuna kuumba aja ntchito yachitukuko akhala nayobe: kukumba, kusefa dothi, kutunga madzi.

Anthu akamaseka kuti mukumanga sukulu yadothi, muwauze za mudzi wa Gando ku Burkina Faso, dziko lotentha ngati kuchigwa cha Shire. Mwana wa m'mudzimo, Francis Kéré, ali mkati mophunzira ku Germany, anabwerera kwawo n'kumanga sukulu ya pulayimale ndi njerwa zadothi zoterezi, ndipo inatha mu 2001. Abale ake poyamba anakhumudwa, amayembekezera konkire. Mu 2022 iyeyu anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kwambiri kwa olemba mapulani a nyumba. Chomwe ine chimandigwira mtima pa sukulu imeneyo ndi denga. Malata anawakweza pamwamba, otalikirana ndi siling'i, kuti mphepo izidutsa pakati n'kumachotsa kutentha, ndipo anawatulutsa kwambiri kunja kuti mvula isamamenye khoma.

Apa ndi pomwe ndikufuna muikepo mtima, amayi, chifukwa ife timakangana za njerwa miyezi itatu, za denga osakambapo n'komwe. Amene anaphunzitsapo ana oposa 100 pansi pa malata otsika mu Okutobala akudziwa: ikamakwana 11 koloko theka la kalasi likuwodzera, ndipo mvula ikayamba kugunda malata, mphunzitsi amangotsegula pakamwa osamveka. Kwezani khoma, siyani mpata wopumira pansi pa denga, ndipo ngati ndalama ya siling'i palibe, ngakhale mphasa za bango kapena nsungwi zimathandiza. Makoma aataliwo, okhala ndi mazenera, ayang'ane kumpoto ndi kummwera, kuti dzuwa lam'mawa ndi lamadzulo lizimenya makoma aafupi. Zimenezi sizidya ndalama, n'kungodziwa poimika zikhomo tsiku loyeza malo. Mazenera akhale mbali zonse ziwiri, aakulu ndithu. Timabowo tija ta mabuloko timasiya kalasi mumdima, mwana wakumbuyo saona pabolodi.

Musaiwale namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, anthu anathawira kusukulu, makalasi n'kukhala nyumba zogona kwa masabata. Sukulu yanu nayo tsiku lina idzasunga mudzi. Maziko akwere ndithu kuposa pomwe madzi amafika, mitengo ya denga imangidwe ndi waya wolowa mu lintala osati kungoikhazika pakhoma, ndipo pakhale ngalande kuzungulira. Mukaika magata ndi thanki, madzi omwe akanakumba zigwembe pabwalo asanduka osambira m'manja ndi okolopera. Zimbudzi zitalikirane ndi mjigo mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo zikhale kumunsi kwake.

Nanga phala? Izi anthu saziwerengera, koma uvuni umayaka kamodzi, pomwe moto wa phala umayaka tsiku lililonse la sukulu. Mukamaona ana atanyamula nkhuni imodziimodzi m'mawa, dziwani kuti phiri likupita pang'onopang'ono. Siyani mafuwa atatu, mangani mbaula yosunga moto yokwana mphika waukulu, pansi pa kadenga. Kenaka pemphani amfumu kamalo ka nkhalango ya sukulu. Keshya amakula msanga ndipo amaphukanso mukadula. Bulugamu asayandikire mjigo, amamwa madzi kwambiri. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma kubzala si nkhani, nkhani ndi mbuzi ndi moto wolusa wa mu Seputembala. Ife zinatiyendera pomwe kalasi iliyonse inapatsidwa mzere wake woti iziutchingira ndi kuthirira.

Za magetsi adzuwa mudzaganize pambuyo, denga likatha. Panopa pemphani amisiriwo akuwerengereni mitengo iwiri papepala, wa mabuloko ndi wa SSB, kuphatikizapo galimoto yotuta mchenga. Apange njerwa zochepa zoyesera, zikakhwima muviike imodzi mu ndowa ya madzi usiku wonse pamaso pa makolo ndi amfumu. Botolo la dothi lija mukaligoneka, munditumizire chithunzi chake ndikuthandizeni kuona.