Chamoyo chonga nyongolotsi chimene mwafukula mu nkhuti ya manyowa

Alimi a dimba a m'mphepete mwa mtsinje wa Bua ku Nkhotakota afunsa za chamoyo chimene anapeza potembenuza nkhuti ya manyowa. Akuti chinalibe miyendo, chinali chakuda monyezimira, ndipo kumutu ndi kumchira sikumasiyana. Mmodzi anaona pa foni chithunzi cha chamoyo chotchedwa caecilian, ndiye akufunsa ngati ndi chomwecho, ngati chimaluma, komanso ngati ndicho chikuwononga chinangwa chawo.

Abambo ndi amayi, tiyambe ndi caecilian. Si njoka ndipo si nyongolotsi, ndi m'bale wa chule. Zamoyo za mtundu wa achule zili m'magulu atatu: achule enieni, gulu la michira limene kuno kulibe, ndi gulu lopanda miyendo lotchedwa Gymnophiona, mmene muli caecilian. Mtundu wodziwika bwino m'Malawi ndi Scolecomorphus kirkii, wa m'banja la Scolecomorphidae. George Boulenger ndiye anaulemba koyamba mu 1883, ndipo dzinalo limakumbutsa John Kirk, amene anayenda panyanja yathuyi ndi David Livingstone mu 1861. Banjali ndi la mu Africa mokha. Mitundu itatu ya Scolecomorphus ili kum'mawa kuno, ndipo achibale ake otchedwa Crotaphatrema ali ku Cameroon.

Kumene chimakhala n'kumene kukuthandizeni kwambiri. M'Malawi chinapezeka kumapiri a m'chigawo chakummwera, kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Chiliponso kumpoto kwa Mozambique ndi ku Tanzania, m'mapiri a Udzungwa, Uluguru ndi Nguru. Chimakonda nkhalango za kumtunda kozizira, dothi lofewa lokutidwa ndi masamba ovunda, ngakhalenso minda ya mitengo ya zipatso yoyandikana ndi nkhalangozo. Kuno kunyanja tili pansi, pafupifupi mamita 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala dothi limapsa. Choncho chimene mwafukulacho, mwa kafotokozedwe kanu, chikuoneka kuti ndi njoka yokhala pansi pa nthaka.

Kuti musiyanitse, chikankhireni m'ndowa ndi khasu kapena ndodo, osati ndi manja, mupite nacho powala. Nyongolotsi imafupika n'kutalikanso poyenda, ilibe nsagwada, ndipo yaikulu imakhala ndi kalamba kotupa chakumutu. Caecilian ali ndi mafupa, ndiye safupika choncho. Khungu lake ndi lonyowa ndi loterera ngati la mlamba, lili ndi mizere yozungulira thupi lonse ngati mphete. Wa mtundu wa kirkii uja amakhala wotuwa mofiirira pamsana, woyererako kumimba, ndipo wamkulu amatalika masentimita 20 mpaka kupitirira 40. Kamwa lili kunsi kwa mphuno, lili ndi mano. Mukayang'anitsitsa mudzaona kanyanga kofewa mbali iliyonse ya mutu, kamene amanunkhizira nako. Chodabwitsa pa banja limeneli n'chakuti diso limalumikizana ndi kanyangako, moti kakatuluka, disonso limasendera kunja. Wamkazi wa mtundu wa kirkii saikira mazira, amabereka ana amoyo.

Ngati khungu ndi louma, la mamba ang'onoang'ono osalala ngati mkanda, imeneyo ndi njoka. Apa ndipo tikupempha kuti mumvetsetse, chifukwa pali njoka ziwiri zofanana. Ina ndi njoka yakhungu ija anthu amati ya mitu iwiri. Ilibe ululu, imadya mazira ndi ana a nyerere ndi chiswe. Inzake ndi Atractaspis bibronii, yakuda kapena yoderako, ya mutu waung'ono, imene imatuluka usiku mvula ikagwa. Imeneyi ili ndi ululu, ndipo mano ake amatulukira cham'mbali kamwa lili chotseka. Munthu akaigwira pakhosi monga amagwirira njoka zina, imangopotoza mutu n'kumubaya chala. Ambiri amalumidwa chifukwa choiyesa njoka yakhungu, ndipo ana ndiwo amakonda kuitola. Auzeni kuti chilichonse chotere sachigwira.

Wina akalumidwa, muvuleni mphete ndi zibangili msanga dzanja lisanatupe. Musamange chingwe, musatemere mphini, musayamwe bala. Ululu wake umawononga mnofu pamalo polumidwapo, ndiye kumanga kumangowonjezera vuto mpaka chala chikhoza kuwola. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati munajambula njokayo muwaonetse adokotala.

Za chinangwa, palibe mwa zamoyo zimenezi chimene chimadya mizu. Caecilian amadya nyongolotsi, chiswe ndi tizilombo tina ta m'dothi. Zulani phata limodzi lofota muone bwino. Ngati chinangwa chadyedwa n'kusiya zipsera za mano, ndipo pali timilu ta dothi latsopano motsatana, ndi mfuko. Ngati tsinde ndi lagweregwere mkati ndipo mwadzaza dothi, ndi chiswe, chimene chimavuta kwambiri mukabzala mitengo youma kapena mvula ikadula mutangobzala. Mukadula chinangwa n'kupeza mkati mwawola mouma, mwa mtundu wa khofi, pamene kunja kulibe bala, amenewo ndi matenda a kuwola kwa chinangwa, ofala m'madera a kunyanja. Amafalikira ndi mbewu komanso ntchentche zoyera, choncho musatengenso mbewu m'munda umenewo.

Musathire mankhwala ophera tizilombo mu nkhuti pofuna kupha chamoyocho, mudzapha nyongolotsi zimene zikukupangirani manyowa. Potembenuza nkhuti valani nsapato za jombo, gwiritsani khasu kapena foloko, ndipo chimene mwapeza mukachitaye patchire kutali ndi nyumba. Mukadzakumana ndi chonyowa, cha mphete, chokhala ndi kamwa, chijambuleni pafupi ndi bokosi la machesi kuti kukula kwake kuoneke, mulembe mudzi ndi tsiku, n'kupereka chithunzicho kwa mlangizi wa dera lanu. Kenako chibwezereni pa dothi lonyowa la pamthunzi, muchiphimbe ndi masamba, chifukwa padzuwa khungu lake limauma msanga n'kufa. Ngati mwachikhudza, sambani m'manja ndi sopo musanagwire m'maso, poti madzi oterera a pakhungu lake amatha kuyabwa.