Penti akusupuka padenga la Sienta: yankho kwa mayi wa ku Matawale

Mayi wina wa ku Matawale ananditumizira imelo sabata yatha. Mwachidule anati: "Ndili ndi Toyota Sienta yabuluu yomwe ndinaitanitsa ku Japan. Itangofika inkawala bwino, koma pano padenga ndi pa boneti payera mbuu, ndipo malo ena penti akusupuka. Mnyamata amene amanditsukira akuti tigule polishi, zithera pomwepo. Kuntchito ndimaimika pansi pa mtengo, kunyumba imagona panja. Chalakwika n'chiyani, nanga nditani?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi mawu owawa kuti musataye ndalama pachabe: pomwe payamba kale kusupuka, polishi sangathandize. Pamenepo mpofunika kupoperanso basi. Koma zitseko ndi m'mbali mwa galimoto yanu mwina mukadali bwino, ndipo n'zimenezo zomwe ndikufuna tipulumutse.

Penti wa galimoto zamakono amaikidwa mosanjikiza. Pachitsulo pamakhala mankhwala oletsa dzimbiri, kenako puraima, kenako mtundu womwe mumauonawo, ndipo pamwamba penipeni pamakhala penti wopanda mtundu amene opopera amamutcha kiliya. Zonsezi mukaziphatikiza zimangokwana pafupifupi 0.1 mpaka 0.15 ya milimita, kusiyana pang'ono ndi pepala limodzi la m'kope, ndipo kiliya yekha safika n'theka lomwe. Kuwala konse kwa galimoto kuli pa kiliya ameneyu, ndipo ndi yemweyo amene amatchinga cheza cha dzuwa kuti chisafike pa mtundu. Akapyapyala kapena akatopa, dzuwa limalowa n'kumasula pomwe iye anagwirana ndi mtundu, ndiye mumayamba kuona zigamba zoyera zija, kenako kusupuka.

N'chifukwa chake vuto limayambira padenga ndi pa boneti. Kuno ku Zomba dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo miyezi yonse yozungulira nthawi imeneyi malo afulati ndi amene amapsa kwambiri. Galimoto ya mtundu wakuda kapena wabuluu woderako ikakhala padzuwa la mu Okutobala, denga lake limatentha moti simungaikepo dzanja. Musaiwalenso kuti galimoto zambiri zomwe timaitanitsa zimafika zitayenda kale zaka zingapo kwawoko, ndiye kiliya amabwera ali wotopa kale ngakhale akuwala.

Komabe dzuwa tisalinamizire zonse. Ine ndimaona kuti pa galimoto zambiri za m'tauni muno, dzuwa limangomalizitsa ntchito yomwe inayambidwa ndi chisanza.

Tsiku lina mudzaime pambali n'kuonetsetsa mmene galimoto imatsukidwira m'malo ambiri. Ndowa imakhala imodzi. Mnyamata amathiramo sopo waufa wochapira zovala, n'kuvundula mpaka thovu tho. Chisanza chake ndi malaya akale. Amayamba ndi matayala chifukwa ndi amene ada kwambiri, n'kuviika chisanza chomwecho m'ndowa yomweyo, kenako n'kukwera nacho pa chitseko mpaka padenga. Chikagwa pansi amangochikutumula kamodzi n'kupitiriza. Madzi a m'ndowa aja pofika kumapeto amakhala ofiira, ndipo pansi pake pamakhala mchenga woti mungautape ndi chala. Sizikusiyana ndi kukwecha poto ndi mchenga, kungoti poto ndi wokhuthala pomwe kiliya ndi wopyapyala kuposa pepala. Galimoto ikauma, iyang'aneni dzuwa likuwomba chapambali: mudzaona timizere tambirimbiri tozungulirazungulira. Kamzere kalikonse ndi kiliya amene wachoka ndipo sadzabwereranso. Sopo wa zovala naye ndi waukali, amachotsa wakisi yense (mankhwala opaka okuta ndi kuteteza penti) amene anali pamwamba n'kusiya penti pamtetete. Chimodzimodzi sopo wamadzi wotsukira mbale.

Choipa china ndi chizolowezi cha m'mawa chija chopukuta fumbi ndi nsalu youma tisananyamuke. Fumbi la m'makwalala mwathu muno, kaya ku Sadzi, ku Chikanda kapena ku Chinamwali, lili ndi timchenga, ndipo kulipukuta pouma n'kukanda penti. Ngati palibe madzi, bola galimoto ipite yakuda, mungopukuta magalasi okha. Ananso muwauze asamalembe mayina ndi chala pa fumbi.

Sindikunena kuti mumuchotse ntchito mnyamata wanuyo. Akufuna chakudya cha lero ngati tonsefe, ndipo palibe amene anamuphunzitsa. Mugulireni sopo weniweni wotsukira galimoto, ndowa ziwiri ndi tinsalu tofewa ta microfibre, n'kukhala naye limodzi ulendo woyamba. Ayambe wathira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha asanakhudze. Atsuke kuchokera padenga kutsika m'munsi, ndipo nthawi iliyonse asanaviike kansalu m'ndowa ya sopo, ayambe wakatsukuluza m'ndowa ya madzi okha. Matayala ndi m'munsi mwa zitseko zikhale ndi chisanza chakechake komanso zikhale zomalizira. Atsukire pamthunzi galimoto itazizira, ndipo aipukute isanaume yokha. Izi n'zofunika kwambiri ngati madzi ndi a pamjigo, makamaka kuchigwa cha nyanja ya Chilwa komwe mijigo ina imatulutsa madzi amchere: madontho akaumira padzuwa amasiya mawanga oyera amene amadya kiliya pang'onopang'ono.

Tsopano za mtengo wa kuntchito uja. Zomba ndi tauni ya mitengo, ndipo mthunzi wa mibawa ndi umodzi mwa madalitso athu, koma mtengo suteteza galimoto ulele. Zitosi za mbalame zili ndi asidi. Zikagwera pa boneti yotentha n'kuumira pomwepo, tsiku limodzi kapena awiri ndi okwanira kusiya chipsera chomwe sichichoka ndi sopo. Za mileme ndiye zoopsa zedi nyengo ya mango, chifukwa zimamata kwambiri. Maluwa a jakaranda akagwa mu Okutobala n'kunyowa ndi mame amathimbiriritsa penti, ndipo amene amakonda kukwera ku Ku Chawe n'kuimika pansi pa mitengo ya paini amabwerako ndi timadontho ta utomoni tomwe tikauma timalimba gwa.

Ndiye bola chiyani, dzuwa kapena mtengo? Ine ndimasankha mthunzi wa nyumba kapena wa mpanda ngati ulipo, ngakhale utakhala wa theka la tsiku. Ngati palibe, mtengo ndi wabwino kuposa dzuwa, koma muyambe mwayang'ana pansi musanaimike. Mukaona dothi layera ndi zitosi, kapena pali makoko ndi nthangala za zipatso, dziwani kuti pamwambapo pamagona eni ake, sunthani. Muziyendanso ndi botolo la madzi ndi kansalu kofewa m'galimoto. Mukapeza chitosi, nyowetsani kansalu n'kukaika pamwamba pake kwa mphindi zingapo kuti chifewe, kenako muchinyamule osachikhutiza, poti mkati mwake mumakhala timchenga ndi njere. Utomoni umachoka ndi sipiriti pang'ono pa kansalu, n'kutsukapo ndi madzi mwamsanga. Thinazi ayi, chonde, ndiponso osapala ndi mpeni kapena chikhadabo.

Pali zina zing'onozing'ono zomwe ndingozitchula. Mafuta a mabuleki amadya penti msanga kwambiri, choncho makaniko akamathira muzionetsetsa kuti sanadonthezere pa bampa kapena m'mbali mwa boneti, ndipo akadonthezera pathiridwe madzi nthawi yomweyo. Asidi wa batire ndi chimodzimodzi. Petulo wotayikira pomwetsa mafuta amasiya mzere wachikasu pansi pa chivindikiro ngati sapukutidwa. Osaimika pafupi ndi pomwe akumanga, chifukwa simenti ndi laimu zikaumira pa penti zimachoka ndi kiliya yemwe. Phulusa la moto wolusa m'phiri miyezi yotentha likagwera pa galimoto n'kukumana ndi mame, litsukeni m'mawa womwewo. Pa msewu wa M3 osayandikira kwambiri kumbuyo kwa malole, timiyala tomwe amathowa timaboola penti wa kutsogolo mpaka pachitsulo, ndipo mvula ya kuno ikayamba dzimbiri silichedwa. Timabowo totere tsekani ndi kadontho ka penti wofanana. Nambala ya mtundu wa Toyota imalembedwa pa kachikwangwani ka pa felemu ya chitseko kapena mkati mwa boneti, pomwe palembedwa C/TR, mwachitsanzo 040 ndi woyera, 1F7 ndi wasiliva.

Kunyumba, ngati mungathe, mangani kashedi ka malata kapena ka ukonde wotchinga dzuwa. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi kupopera galimoto yonse. Lona wophimbira ndimamukayikira: mukaphimba galimoto yafumbi mphepo n'kumamugwedeza usiku wonse, m'makona monse mumakalika, ndipo wapulasitiki amasunga chinyontho nthawi ya chiperoni.

Za polishi uja, mnyamata wanu sanalakwe kotheratu. Polishi amapala kiliya pang'ono kuti timizere tisaoneke, ndiye amathandiza pa penti amene wangozilala koma sanasupuke. Koma poti amapala, si wopaka mwezi ndi mwezi, ndipo makina opolishira ali m'manja mwa munthu wosadziwa amatha kumaliza kiliya tsiku limodzi. Chomwe galimoto yanu ikufuna kawirikawiri ndi wakisi, amene sapala kanthu koma amangokuta pamwamba. Pakani pakatha miyezi itatu iliyonse. Mukathira madzi pa chitseko n'kuona kuti akupanga timadontho tozungulira, wakisi akadalipo. Akangoyala n'kumata, nthawi yakwana.

Denga ndi boneti mupite nazo kwa wopopera. Ngati puraima wotuwa wayamba kuonekera, musadikire kuti dzinja lidutse. Mumufunse ngati adzapale kiliya wakufayo yense asanapopere, chifukwa kupopera watsopano pamwamba pa wosupuka n'kungobisa, amadzamatukanso posachedwa. Mufunsenso ngati amagwiritsa ntchito kiliya wa 2K wosakaniza ndi cholimbitsira chake, ndipo muone malo amene amapoperera: pabwalo pamtetete fumbi limagwera pa penti wosauma, ndipo tsiku lachinyontho penti amachita chifunga. Koposa zonse, mupempheni akuonetseni galimoto yomwe anapopera chaka chatha, osati ya dzulo, poti ya dzulo iliyonse imawala. Ikatuluka, muziitsuka ndi madzi ndi kansalu kofewa basi, ndipo wakisi adikire mwezi umodzi kapena itatu, malinga ndi mmene wopoperayo angakuuzireni, kuti penti watsopanoyo ayambe wauma mpaka mkati.