Banga lofiira la pankhope lobadwa nalo

Achemwali, mwati munabadwa ndi banga lofiira patsaya, likunka likudera pamene mukukula, ndipo mukufuna mafuta olichotsa. Ndinene mosapsatira: mafuta otero kulibe. Mmene mwafotokozeramu, likuoneka ngati lija madokotala amalitcha port-wine stain. Ndi timitsempha ta magazi totukuka mkati mwa khungu, ndiye chodzola pamwamba sichingafikeko. Ana pafupifupi atatu mwa 1,000 alionse amabadwa nalo, ndipo mu 2013 akatswiri anapeza kuti gwero lake ndi kusintha kwa GNAQ, kachidutswa ka malangizo omangira thupi (gene pa Chingerezi), komwe kumachitika mwana akadali m'mimba. Si zakumtundu, ndipo mayi anu sanalakwitse kanthu.

Mafuta oyeretsa khungu ndiye muwatalikire. Ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, omwe amapyapyalitsa khungu, mitsempha ija n'kumaonekera kuposa kale.

Chomwe chimathandizadi ndi makina otulutsa kuwala kwamphamvu otchedwa pulsed dye laser. Kuwala kwake kumatenthetsa magazi a m'timitsemphamo mpaka timatsekeka. Kumapweteka ngati wina akukuthibulani ndi lasitiki, kenako pamalopo pamada kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kamodzi sikukwana, mumapitapita kwa miyezi, mwina zaka. Banga limazilala ndithu, koma kutheratu n'kwa apo ndi apo, ndipo kwa ena limayambanso kudera pakapita nthawi. Wina akakulonjezani kuti lichoka tsiku lomwelo, gwirani chikwama chanu mudzipita.

Ngati muli akuda khungu, apa m'pofunika kusamala kwambiri. Khungu lakuda nalo limayamwa kuwala kuja, choncho munthu wosadziwa bwino makinawo akhoza kukupsereza, n'kusiya chipsera kapena mawanga oyera oposa banga lenilenilo. Madokotala ena amasankha laser ya mtundu wina yotchedwa Nd:YAG, yomwe imalowa mkati kwambiri, koma nayonso imafuna dzanja lozolowera. Pitani kwa dokotala wa khungu, osati kusaluni, ndipo mupemphe ayambe ayesa kachigawo kakang'ono, muone kaye mmene papolere.

Podikira, pali zodzola zophimbira monga Dermablend ndi Covermark, zomwe sizisungunuka msanga ndi thukuta. Ena amangolisiya, monga Mikhail Gorbachev yemwe analamulira Soviet Union lake lili poyera pamphumi.

Chimodzi chokha ndikufunseni: kodi bangalo likufika pachikope kapena pamphumi? Ngati ndi choncho, musanaganize za laser yambani mwakayezetsa maso. Banga la pamalo amenewo nthawi zina limayendera limodzi ndi glaucoma, matenda omwe amawononga diso mwakachetechete, munthu osamva ululu uliwonse.