Funsani Azakhali: Kodi mkombaphala wathu atitsekera?

FUNSO: Azakhali, ndine mlezi pa sukulu ya mkombaphala m'mudzi wina kufupi ndi Limbuli, kuno ku Mulanje. Tinayambira m'tchalitchi mu 2021, koma namondwe wa Freddy atagwetsa khoma mu Marichi 2023 makolo anatimangira chisakasa. Ana alipo 64, alezi tilipo awiri. Nyengo yothyola tiyi ikafika, amayi amatisiyira ndi makanda omwe, ena osakwana chaka ndi theka, dzuwa lisanatuluke. Sabata yatha bambo wina anatiopseza kuti poti sitinalembetse ku boma atitsekera, mwinanso kutimanga. N'zoona? Tikalembetse kuti? Nanga kangachepe komwe timamva kuti alezi ena akulandira, ife katipeza liti?
Mlezi wodandaula, Limbuli

YANKHO: Mwana wanga, khazika mtima pansi. Ine ndinalera ana zaka 11 pa mkombaphala wina cha ku Chisitu, ndipo zaka ziwiri zoyambirira tinali osalembetsa ngati inuyo. Tsiku lomwe a ofesi ya Social Welfare anafika, sanabwere ndi apolisi. Anayendera chimbudzi, anasuzumira m'ndowa ya madzi akumwa, anatiuza zoti tikonze, n'kutiuzanso kuti adzabweranso. Mkombaphala, womwe m'mapepala a boma umatchedwa CBCC, boma limaufuna. Ndondomeko ya mmera mpoyamba ya 2003, yomwe inakonzedwanso mu 2017, imadalira midzi kuti iyambitse malo oterewa. Komabe usaone ngati kulembetsa n'kosafunika. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa boma mphamvu yolowererapo paliponse pomwe mwana ali pachiopsezo, ndipo malo omwe ana angavulalepo akhoza kuimitsidwa.

Njira yake si yaitali. Yambani kwa amfumu, akulembereni kalata yoti malowo ndi a mudzi. Komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ya VDC, idziwe. Kenako funsani mlangizi woteteza ana wa m'dera lanu kuti akulondolereni ku ofesi ya Social Welfare pa boma ku Mulanje. Musapite alezi nokha. Tengani wapampando wa komiti ya makolo, ndipo ngati komitiyo kulibe, isankheni kaye mwezi uno, amuna akhalemonso. Nyamulani kaundula wa ana, wolembedwa dzina, tsiku lobadwa ndi kholo, pamodzi ndi buku lomwe mumachonga obwera tsiku ndi tsiku. Akope wamba omwewa akwanira. Asanafike oyendera, chimbudzi chikhale cha bowo laling'ono loti mwana sangagweremo, mpondagiya wa sopo kapena phulusa akhale pakhomo pake, dzenje la zinyalala likhale kutali.

Koma chomwe chandisowetsa tulo m'kalata yako si za kulembetsazi. Ndi makanda aja.

Uwerenge wekha. Mnzako akapita kukaphika phala, iwe umatsala ndi ana 64, wina ali kumbuyo, wina akukwawa. Ine zinandionekera. Chaka china mu Febuluwale, mnzanga atapita kukatunga madzi, kamnyamata kosakwana zaka ziwiri kanakwawira ku mafuwa n'kupisa dzanja mumphika womwe tinali titangophula. Tinathamanga nako kuchipatala. Kanachira, lero ndi mnyamata wamkulu, koma chipsera chili pomwepo ndipo ndikakumana naye pamsika mtima umandipwetekabe. Kuyambira tsiku limenelo tinatchinga khitchini ndi mpanda wa nsungwi wokhala ndi chitseko. Inunso chitani zimenezo mawa lomwe, nsungwi ku Mulanje sizisowa.

Mkombaphala anaukonzera makamaka ana a zaka 3 mpaka 5, omwe akukonzekera kukayamba Sitandade 1 akakwana zaka 6. Ndiye ena angakuuze kuti makandawo uziwabweza. Ine sindingakuuze choncho, chifukwa ndikudziwa komwe amapita akabwezedwa. Mayi sangasiye ntchito ya ku esiteti mu Januwale, mwezi womwe tiyi wachuluka koma m'nkhokwe mulibe kanthu. Khandalo amalisiyira mchemwali wake wa zaka 8, yemwe amajomba kusukulu mpaka Epulo, n'kumalidyetsa chinangwa chozizira. Pamenepo taononga ana awiri.

Itanani msonkhano wa makolo pamaso pa amfumu nyengo ya mvula isanayambe, mugwirizane poyera. Ife tinapangana kuti aliyense wosiya mwana wosakwana zaka 3 apezenso munthu wamkulu wa pabanja pake, kaya agogo kaya azakhali, woti azibwera kudzathandiza tsiku limodzi pa sabata. Tinalemba mayina pa katoni n'kupachika pakhoma. Tsiku lililonse pankakhala agogo awiri pamphasa yawoyawo ndi makanda, kutali ndi akuluakulu othamangathamanga aja. Agogowo ndi amenenso anatibweretsera nthano ndi nyimbo za Chilomwe zomwe ife alezi tinali titaziiwala. Muikenso malire a makanda omwe mungalandire malinga ndi manja omwe alipo tsikulo, ndipo wosakwana miyezi 6 musamulandire. Ameneyo chakudya chake ndi bere lokha basi, ayenera kukhala pafupi ndi mayi ake.

Za phala usadikire mabungwe. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira, ndipo kwa ana ambiri a m'midzi yathu phala la pa mkombaphala ndiye chakudya choyamba cha tsiku. Kuno minda ndi yochepa, munda wa sukulu mwina simungaupeze. Sonkhetsani pokolola: mbale ya chimanga khomo lililonse mu Meyi, mtedza kapena soya kwa amene ali nazo, nandolo akauma mugulitseko mugule shuga ndi mchere. Ogwira ntchito ku esiteti azipereka tsiku lomwe alandira, msungichuma alembe aliyense akuona. Soya muzikazinga kaye musanakagayitse, mbale imodzi ya soya pa mbale zinayi za chimanga chosakonola. Thumba limodzi mulisunge osalikhudza mpaka Januwale. Mupemphenso mlangizi wa zaumoyo kuti sikelo ina azichitira pa mkombaphala pomwepo, ana alandire Vitamin A ndi mankhwala a njoka za m'mimba, wonyentchera aonekere msanga.

Za kangachepe sindikulonjeza. N'zoona kuti boma linayamba kupereka ndalama pang'ono pamwezi kwa alezi ena ophunzitsidwa, koma ambiri akugwirabe mongodzipereka, ndipo ine ndimaona kuti n'kulakwa kuti ntchito yolemera chonchi izikhala yaulere. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mayina a opita ku maphunziro a alezi a masabata awiri, kaya akonza ndi aboma kaya bungwe loona za mmera mpoyamba la AECDM, amadzera ku ofesi yomwe ija. Amene sali m'buku lawo samuitana.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga wa zaka 4 wapita ku mkombaphala chaka chathunthu koma sadziwa kulemba dzina lake, Chingerezi n'komwe. Akabwera amangoimba nyimbo, zovala zili matope okhaokha. Ndimuchotse ndikamuike ku sukulu yolipira?
Bambo wa ku Bvumbwe, Thyolo

YANKHO: Bambo, musafulumire. Matope amenewo ndiye phunzirolo. Zala zomwe zikuumba ng'ombe yadothi lero ndi zomwe zidzagwire pensulo bwino akamadzayamba Sitandade 1, ndipo mwana amene amatha kufotokoza nthano yonse m'Chichewa savutika kudzaphunzira chilankhulo china. Madzulo ano mumuyese: mumupatse zitsekerero za mabotolo 10, awerenge, azigawe za mtundu umodzi pazokha, kenako akuuzeni zomwe anachita kusukulu kuyambira m'mawa. Akatha zimenezi ndiye kuti alezi akugwira ntchito.

Zoti zikudetseni nkhawa ndi zina. Kodi amamenyedwa? Amasamba m'manja asanadye? Amalira akamva zopita kusukulu? Pitani tsiku lina mosalengeza, mukhale pansi ola limodzi muonerere. Mukaona mwana akuzunzidwa uzani komiti ya makolo ndi mlangizi woteteza ana, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mukapeza zonse zili bwino, popita ulendo wina muwatengereko alezi makatoni akale ndi zitsekerero zija, zoseweretsa sizikwana pa mkombaphala uliwonse.