Mwana woyera khungu ndi dimba la malemu

Mayi wina wa ku Furancungo, kuno ku Tete m'dziko la Mozambique, wanditumizira imelo. Akulemba buku la nthano: mwenye wa sitolo wamwalira, wasiya ana kwa mkazi wa ukwati ndi mwana wina kwa mayi wachichewa, anawo akulimbirana chuma chamasiye. Akufunsa ngati nkhaniyo aithetsere m'khoti, loya atatulutsa wilo yobisika. Achemwali, mwandigunda pachilonda, ndiye mundipirire.

Mayi anga aakulu anabereka mwana kwa Mpwitikizi wa kantini, Ulongwe akutchedwabe Vila Coutinho. Mu 1975 mzunguyo ananyamula masutikesi, n'kusiya makiyi m'manja mwa mayiwo ndi mawu apakamwa akuti zonse ndi za mwana. Pepala panalibe. Ngakhale pa chikalata cha kubadwa dzina la bambo silinalembedwe. Achimwene angawo tinakulira nawo mbale imodzi, mbuzi tinaweta limodzi, nkhondo itavuta tinathawira limodzi ku Dedza. Pobwerera, mtendere wa 1992 utasainidwa ku Rome, kantini ija tinapeza mukukhala anthu ena. Sanadandaule. Anatenga khasu n'kukalima kachewere m'dimba la amayi awo.

Mayiwo atamwalira, tsiku lometa, mbumba yonse ili pamphasa, atsibweni anatsokomola n'kunena kuti, "Dimbali likhale la mtundu. Uyu kwawo n'ku Lisboa." Atsibweni omwewo ndi amene anatiphunzitsa kuyambira tili ana kuti kwa Achewa mwana ndi wa mayi, mkamwini amangobwera n'kupita. Mwambowo unagwira ntchito pa ife tonse, koma pa munthu mmodzi unafota, chaka chimene malole anayamba kudzagula mbatata padimba pomwe. Ku Lisboa kumene ankanenako achimwene sanapondeko, ndipo Chipwitikizi chawo chinali chothyoka kuposa changa.

Palibe anapita kukhoti. Anakhala pabwalo kwa amfumu, agogo ena achikazi anaima ngati mboni n'kutchula amene anakumba ngalande za dimbalo, ndipo linagawidwa pakati. Mpaka atsibweni kumwalira, awiriwo sanapatsanenso moni.

N'chifukwa chake wilo yobisikayo sindikuifuna, ndipo pamene ndikulemba pano ndikuidanso kwambiri. Ndi njira ya ulesi. Imapulumutsa aliyense. Pepala likatuluka, wowerenga amapuma n'kuti chilungamo chapambana, osafunsa kuti nanga pepala likanasowa, mwanayo akanasiya kukhala mwana wa bambo ake? Chinanso, musapange mwenye kapena mzungu kukhala mfiti ya nkhani yonse. Inde, tsankho la atsamunda linali lolembedwa m'malamulo: mpaka 1961 munthu wakuda ankawerengedwa indígena, ndipo kuti akhale nzika ankayenera kuonetsa kuti amalankhula Chipwitikizi ndipo wasiya miyambo ya makolo. Zimenezo zilowe m'buku. Koma mwana wosakanizika amakanidwa uku ndi uku, ndipo kukana kopweteka kumachokera kwa amene amadya naye nsima.

Ndiponso nkhani ya khungu ndi chuma kuno ku Tete si yadzulo. M'chigwa cha Zambezi munali ma prazo, minda ikuluikulu imene ufumu wa Portugal unkapereka kwa mibadwo itatu, kuti izidutsa mwa mwana wamkazi, poyembekeza kuti iye akwatiwa ndi mzungu wochokera kwawo. Azungu anali ochepa, ma dona, akazi olowa minda aja, anakwatiwa ndi anthu a ku Goa ndi osakanizika anzawo, ndipo mabanja amenewo analamulira ndi asilikali awo Achikunda mpaka Lisboa yomwe kuwaopa. Ndimadabwa kuti olemba athu amathamangira kukopera makhoti a m'mafilimu, zonsezi zili pakhomo. Onjezani kuti ku Angónia Mngoni wolowola ndi Mchewa wa chikamwini amakhala mudzi umodzi, maliro amodzi n'kukhala ndi malamulo awiri. Koma ndasochera.

Za malamulo, kuti loya wowerenga asakusekeni

Nthaka ya Mozambique ndi ya boma kuyambira 1975, siigulitsidwa. Chimene munthu amasiyira ana ndi ufulu woigwiritsa ntchito, DUAT, ndipo lamulo la malo la 1997 limavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, limavomerezanso amene wakhala pamalo mwachilungamo zaka 10. Choncho agogo aja ndi mboni yeniyeni, si zokometsera nkhani. Nyumba zobwereketsa boma linazitenga mu 1976, ndiye fufuzani kaye ngati sitolo yanuyo inali idakali ya mwenyeyo. Nkhani ikakhala ya m'zaka zoyamba za ufulu, loya wolipidwa mulibe, ntchitoyo inaletsedwa pa 24 Julayi 1975. Ikakhala ya lero, lamulo la chuma chamasiye la 2019 limaika mkazi wamasiye pamzere woyamba pamodzi ndi ana, ndipo mwana wa kunja kwa ukwati salekanitsidwa ndi anzake. Pogona nkhani ndi apa: kodi bamboyo anamulembetsa mwanayo ku registo, ofesi ya kalembera wa kubadwa? Ngati ayi, mlandu woyamba ndi wotsimikiza ubambo, sitolo ibwera pambuyo.

Munthu wosauka amayamba kwa amfumu kapena kwa sekeretale wa bairro (dera la m'tauni), kenako khoti la m'mudzi, ndipo akafika kukhoti la boma amamuimira ndi a IPAJ, bungwe la boma loimira osauka pamilandu, osati loya wa suti yonyezimira. Khotilo lipatseni mutu umodzi, mlandu uimitsidwe kawiri chifukwa mboni yasowa ya minibasi. Mitu yotsalayo ikhale pa siwa, pa chigayo ndi kuseri kwa sitolo. Mukamaliza mutu wa tsiku lometa munditumizire, ndikufuna ndimve amene ayambe kutsokomola.