Funsani za Galimoto: Peugeot inati ibwerera ku America, nanga yatsakamira pati?

FUNSO: Achimwene, bambo anga anayendetsa Peugeot 504 zaka zambiri ndipo umakaniko ndinaphunzirira pa galimoto imeneyo. Mwana wanga amene ali pasukulu ku Texas akuti kumeneko Peugeot saiona pamsewu. Ndinamvapo kuti kampaniyi ikufuna kubwererako. Chikuichedwetsa n'chiyani, chikhalirecho magalimoto ake ndi abwino?
Makaniko wa ku Zomba

YANKHO: Bambo, mwana wanu sakunama. Akadzaiona ku Texas, mwina idzakhala ya nambala ya ku Mexico, poti kumeneko amagulitsa. Ku United States, Peugeot inatsanzika mu 1991. Inali itabweretsa 405, galimoto imene inapambana mphoto ya galimoto yabwino koposa ku Ulaya mu 1988, koma Amereka sanaicheukire. Mu 1984 inkagulitsa magalimoto pafupifupi 20,000 pachaka. Pofika 1990 anali ongopitirira pang'ono 4,000. Honda Accord ndi Toyota Camry zinali zitalanda msika.

Zobwerera zinayamba kumveka mu 2016, pamene Carlos Tavares, amene anali mkulu wa PSA, kampani imene inali mwini Peugeot, analengeza kuti adzipatsa zaka 10. Anatsegula ofesi ku Atlanta, anaika Larry Dominique kuti atsogolere ntchitoyo, ndipo mu 2018 anayamba ndi kubwereketsa magalimoto mumzinda wa Washington, D.C., pa dzina la Free2Move, pofuna kuphunzira kaye khalidwe la oyendetsa akumeneko. Mu 2019 ananena poyera kuti mwa mitundu yawo yonse, wopita ku America ndi Peugeot.

N'chifukwa chiyani zaka 10? Galimoto yopangidwira msewu wa ku Paris siloledwa kugulitsidwa ku America mmene ilili. Malamulo a chitetezo ndi osiyana: magetsi, mabampala, timagetsi tam'mbali tachikasu kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, mayeso ogundanitsa galimoto, zonse amayambiranso. Utsi wa injini nawo uli ndi oyeza ake. Kenako pali nkhani ya zokonda za anthu. Peugeot inatchuka ndi timagalimoto tating'ono ngati 208 ndi injini za dizilo zosamwa mafuta, pamene Mmereka amafuna chigalimoto chachikulu cha petulo. Ford F-Series, pikapu, yakhala ikutsogola pa malonda kumeneko kwa zaka makumi angapo, ndipo pikapu yochokera kumaiko ngati a ku Ulaya imalipira msonkho wa 25 peresenti kuyambira 1964. Nayonso Ford inalengeza mu 2018 kuti isiya kugulitsa masaluni ambiri kwawo komweko. Ndiye saluni ya Peugeot 508, kukongola konse kuja, ikanapeza ogula angati?

Koma ine ndimati phiri lalikulu si limenelo, ndipo inu monga makaniko mundimvetsa msanga. Munthu sagula galimoto yokha, amagulanso kumene adzapite ikafa. Inu mukudziwa mmene zimakhalira galimoto ya ku Ulaya ikafika pagalaja panu yafa sensa imodzi, kachinthu kokwana m'chikhatho: mwayendayenda m'mashopu a sipeya osaipeza, mwaitanitsa ku Johannesburg, galimoto yakhala pamajeki mwezi wathunthu matayala ataphwa, mwini wake akuimba foni tsiku ndi tsiku. Akadzaitenga, amakaigulitsa n'kugula Toyota, ndipo amauza abale ake onse. Zofanana ndi zimenezi n'zomwe zinaipitsa mbiri ya Peugeot ku America: malo ogulitsira anali ochepa, otalikirana, m'dziko limene ulendo wochoka kunyanja ina kufika kunyanja ina ndi wa masiku angapo. Kuti ibwerere, iyenera kumanga zonsezo kuyambira pansi, nyumba zosungira masipeya, amakaniko ophunzitsidwa, ngongole za ogula. Komanso m'zigawo zambiri za dzikolo malamulo amateteza madila oima paokha, kotero kampani siingangotsegula mashopu ake mmene ikufunira. Iyenera kunyengerera amalonda kuti aike ndalama zawo pa dzina limene achinyamata akumeneko sanalimvepo. Ndalama zimatuluka zaka zingapo galimoto yoyamba isanagulidwe.

Chimene chinatseka nkhaniyi ndi ukwati. Mu Januwale 2021, PSA inaphatikizana ndi Fiat Chrysler n'kukhala Stellantis, kampani ya mitundu 14 ya magalimoto. Tavares yemwe uja anadzuka ali woyang'anira Jeep, Ram, Dodge ndi Chrysler, mayina odziwika kale ku America, okhala ndi ogulitsa m'tauni iliyonse. Msika umene ankaufunafuna anaupeza m'manja. Akanawonongeranji ndalama pobweretsa Peugeot 3008 kuti izikalimbana ndi Jeep ya m'nyumba momwemo? Patangotha miyezi yochepa ntchitoyo inaimitsidwa, ndipo Dominique anamusamutsa kuti akayang'anire Alfa Romeo ku North America.

Alfa Romeo yomweyo ndi phunziro lowawa. Inachoka ku America mu 1995, ndipo Sergio Marchionne, amene anali mkulu wa Fiat, eni ake a Alfa Romeo pa nthawiyo, analonjeza kubwerera kwake kambirimbiri, tsiku likungosunthidwa. Inafika ndi 4C mu 2014, Giulia ikutsatira pambuyo, koma mpaka pano ili kutali kwambiri ndi BMW kapena Mercedes-Benz pa malonda, ngakhale inali ndi Chrysler yoigwira dzanja.

Zimandipweteka ndithu, chifukwa 504 imene inkalumikizidwa ku Kenya ndi ku Nigeria inaonetsa kuti anthu amenewa amadziwa kupanga galimoto yopirira. Komabe sindiwaimba mlandu. Mu 2025 boma la Donald Trump linakweza msonkho wa magalimoto olowa m'dzikolo, umene kwa nthawi yaitali unali 2.5 peresenti yokha, ndipo Peugeot ilibe fakitale yake ku United States. Aliyense amene angakuuzeni kuti ibwerera posachedwa, mufunseni kaye kuti magalimotowo adzapangidwira kuti ndipo adzawagulitsa ndani.