Kodi laser ingandiwotche pochotsa ndevu?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimamera ndevu pachibwano. Ndikazizula pamatuluka tiziphuphu tosiya mawanga akuda. Ndikufuna kukazichotsa ndi makina a laser, koma mnzanga atapita anabwerako ndi matuza, mpaka lero ali ndi zipsera zoyera. Ndine wakuda kwambiri, ndipo ndimadzola mafuta oyeretsa khungu. Ndipite kapena ndileke?
Mayi wodandaula

YANKHO: Achemwali, mutha kupita, koma osati mawa. Mvetsani kaye chomwe chimawotcha anthu ngati mnzanuyo.

Kuwala kwa laser kumalondola melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi, n'kutentha muzu wake mpaka ufe. Tsono melanin yemweyo ndi wochuluka pakhungu lakuda ngati lanu ndi langa. Makina akakhala osayenera, moto wonse umathera pamwamba, khungu n'kupsa. Mukangofika, funsani kuti makina awo ndi amtundu wanji. Ine ndimafuna kumva Nd:YAG wa 1064 nm (nambalayi imasonyeza mtundu wa kuwala kwake), chifukwa kuwala kwake kumalowa mkati osagwidwa kwambiri ndi khungu lapamwamba. Akatchula alexandrite wa 755 nm, kapena IPL, yomwe si laser n'komwe, thokozani muzipita.

Ngakhale makinawo akhale oyenera, ayambe akuyesani pakamalo kakang'ono kunsi kwa chibwano. Dikirani masiku osachepera awiri. Ine ndimakonda milungu iwiri, poti mawanga pakhungu lathuli amachedwa kuoneka. Wokana kuyesa musamupatse nkhope yanu.

Za mafuta oyeretsa khunguwo ndiye zandidetsa nkhawa kwambiri. Ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol, amene amapyapyalitsa khungu, bala n'kumachedwa kupola. Amayi ambiri amabisa zimenezi chifukwa cha manyazi, mapeto ake amavulala. Nyamulani botololo mukamuonetse dokotala wa khungu kuti akuuzeni kasiyidwe kake, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabutsa kufiira ndi ziphuphu. Mumuuzenso ngati muli oyembekezera, ngati mukumwa mankhwala a doxycycline kapena mwamwapo mankhwala a ziphuphu a isotretinoin posachedwa, ngati mumatuluka zilonda zapamilomo, komanso ngati mabala anu amapola ndi chipsera chotupa cha keloid.

Lekani kuzula kwa milungu inayi, muzingometa, kuti laser ikapeze muzu. Pewani dzuwa musanapite komanso mukabwerako, ndipo muzidzola mafuta oteteza ku dzuwa a mphamvu ya SPF 30 kapena kuposa. Magalasi oteteza maso musawavule makina akuyaka.

Kufiira ndi kutupa pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa. Koma mukaona matuza, mafinya kapena ululu wokulirakulira, bwererani tsiku lomwelo. Musaboole thuza, musakande nkhanambo.

Pali chimodzi chomwe simunandiuze: msambo wanu ukuyenda bwino? Ngati umadumphadumpha, kayezetseni mahomoni musanayambe zonsezi. Matenda a PCOS, omwe ndi kusokonekera kwa mahomoni, amameretsa ndevu kwa amayi, ndipo osawasamala, tsitsi lina limameranso ngakhale laser itagwira bwino ntchito.